Chithunzi Chinakula Pakhoma

Lolemba, 9 Seputembala

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi mwana wanu Tsabola. Kuno tilipo, amayi mwendo uja wasiya kutupa. Moni wotsala ndiika kumapeto, chifukwa lole inyamuka 12 koloko ndipo adalaivala anenetsa kuti lero sachedwa. Musaipinde kalatayi kuti mudzawerenge mukaweruka. Sasani ufa m'manjamo, pemphani abwana mphindi khumi, muwerenge pompano. Ndikuopa kuti alamu atsala pang'ono kudziwa kumene mukukhala, ndipo wowalozera njira ndine.

Zaka ziwiri zapitazo, tsiku lija munathawa mwana ali padzanja, simu khadi yanu mutaiponya m'ngalande, tinapangana zinthu ziwiri. Palibe foni, makalata okha, odzera kwa adalaivala a lole ya ufa. Ndipo kumene muli tizidziwa ine ndi adalaivalawo basi, ngakhale amayi ayi. Ndinalumbira ndikulira. Pakamwa panga dzina la tauni yanuyo silinatulukepo, ndipo ndinkadziona ngati munthu wosunga chinsinsi. Tamverani mmene ndachisungira.

Pali chinthu ndakhala ndikukubisirani. Ndinali ndi bulogu, tsamba langalanga la pa intaneti, ndipo ndinalembapo zaka zitatu. Sindinaikepo dzina kapena nkhope. Ndinkadzitcha Wa Lachinayi, poti ndilo tsiku limene ndinkaikapo nkhani. Poyamba zinali zanga zokha: digiri imene ikugona m'sutikesi kunsi kwa bedi limodzi ndi nsapato zakutha, makalata ofunsira ntchito amene sayankhidwa, alonda a pa mageti a maofesi amene tsopano amandizindikira ndi kayendedwe. Owerenga analipo mazana atatu kapena anayi. Ankaseka, n'kulemba kuti “zoona zimenezo, chemwa,” kenako n'kupita kukaonera mpira. Ine zinkandiwawa. Mukundidziwa, si pachabe munanditcha Naphuma. Ndinkafuna ndikalemba Lachinayi, Lachisanu dziko lidzuke litasintha.

Ndiye ndinalemba za inu.

Ndinkati ndachenjera. Inu ndinakusandutsani mnansi wathu. Alamu, amene ntchito yawo ndi kuyeza malo, ndinawasandutsa mphunzitsi. Koma dzino lija anakugululani ndinalisiya momwemo, ndi bafa lija munkadzitsekeramo ndi mwana mpaka iwo atatopa kumenya chitseko, chifukwa ndinaona kuti popanda zimenezo nkhani ikhala yosakolera mchere. Inawerengedwa ndi anthu zikwi khumi ndi ziwiri, achemwali. Azimayi ankandilembera. Mmodzi anati atangomaliza kuwerenga anayamba kulongedza. Ndinayenda sabata yonse mapewa ali m'mwamba, koma inu sindinakuuzeni, chifukwa yankho lanu ndinkalidziwa.

Mu Januwale munatumiza zithunzi za Tsabola tsiku loyamba sukulu. Ndinasankha chija watembenuka, akupita, chikwama chikumugunda kumbuyo kwa mawondo. Ndinakhala ola lathunthu ndikuchikonza. Nkhope sinkaoneka, baji ya pachikwama ndinaifufuta. Ndinachiika pansi pa nkhaniyo kuti owerenga aone kuti kuthawa kuli ndi mathero abwino. Pafoni chinali chaching'ono ngati bokosi la machesi. Kutsogolo kwa mwanayo, chapatali pakona, kunali kadontho kobiriwira. Sindinakayang'ane kawiri.

Mwezi watha anandilembera mayi wina, mkulu wa bungwe lothandiza amayi ndi atsikana. Ndinapita ku ofesi yawo, kachipinda kodzaza mafayilo, fani ikuuluza mapepala patebulo. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

“Ndiwe Wa Lachinayi? Ine ndimayesa ndi mayi wa zaka makumi asanu, wa nyamakazi.”

“Ndine ndithu, mayi.”

“Mwana wanga, kulemba n'kwabwino, koma amene tikuwafuna ife ambiri sawerenga. Amafuna aone munthu akupuma. Ungathe kuima pansanja, ulankhule zomwezi ndi pakamwa?”

“Liti?”

Ndi limenelo funso langa, achemwali. Sindinafunse kuti kudzabwera ndani, kapena kuti zitseko adzalondera ndani. Atawonjezera kuti akufuna munthu woyenda m'masukulu kulankhula ndi atsikana, ntchito yeniyeni, ya desiki ndi khadi lapakhosi, makutu anga anatseka. China chilichonse chimene ananena pambuyo pake sindinachimve.

Patatha sabata, maposita anatuluka. Nkhope yanga, nditavala gauni ya tsiku la digiri, pansi pake atalemba kuti Wa Lachinayi aonekera poyera. Anamata pa depoti, pachitseko cha famase, pageti la koleji. Ndinaima pa depoti n'kudzijambula ndili pambali pa nkhope yanga. Za inu ndinaganiza, sindinama, koma mphindi imodzi yokha. Ndinadziuza kuti alamu si munthu woima n'kuwerenga posita ya azimayi.

Mantha ndinali nawo, kungoti ndinkaopa zolakwika. Ndinkaopa kuiwala mawu, kupunthwa pa masitepe, kutuluka thukuta m'khwapa anthu akuona. Ndinkayeserera mu shopu ya amayi masana, ndikulankhula ndi chidole chija chopanda mutu choyezera madiresi. Pamaso pa amayi ndinkanena gawo la ulova lokha.

“Ukuthamanga ngati wabera munthu,” ankatero, mapini ali pakamwa. “Puma kaye. Nanga manjawo, ukupha udzudzu?”

“Amayi, ndi mmene amalankhulira masiku ano.”

“Masiku ano anthu amapenga eti. Taima bwino ndikuyeze.”

Anandisokera diresi lachikasu, ndipo makasitomala onse, ngakhale wobwera kudzasoketsa zipi, ankachoka atamva kuti mwana wawo wa digiri alankhula mu holo.

Loweruka linafika. Inali 2 koloko masana, holo yotentha, mipando yapulasitiki yodzaza mpaka kukhomo, anthu ngati mazana atatu. Ndili kuseri kwa katani, bambo wina wa ndevu zaimvi, woyendetsa makina, anandikodola.

“Chemwali, tatenga zithunzi za patsamba lanu, zizioneka pakhoma kumbuyoku mukamalankhula. Zili bwino?”

“Zili bwino,” ndinatero, maso ali papepala langa. Ndinali kuloweza chiganizo choyamba.

Nditatulukira, maiki inalira ngati mluzu. Lilime linali ngati bulangete. Ndinagwira kagome ndi manja onse. Ndinayamba ndi nthabwala ya alonda a pageti, ndipo anthu anaseka. Achemwali, kuseka kwa anthu mazana atatu kumakugunda pachifuwa ngati mphepo. Pa intaneti munthu amakulembera kuti waseka, iwe n'kungokhulupirira. Apa ndinkawaona mano. Mantha onse anathawa, ndinasiya kagome, pepala ndinaliiwala.

Kenako ndinalowa nkhani ya mnansi. Holo inati zii. Amayi anali kutsogolo penipeni, akudzikupiza ndi pulogalamu. Nditatchula bafa, dzanja lawo linaima. Nditatchula dzino, anagwira pakamwa. Ndinaona kuti adziwa, koma ndinali nditathamanga kale, ndipo mukudziwa kuti ine ndikayamba kutsetsereka sindigwira mabuleki. Ndinafika kumapeto, pamene ndimati lero mwana wa mayi ameneyo akupita kusukulu. Nkhope za anthu a kutsogolo zinawala mobiriwira, ndipo azimayi ena anati “aaa,” mwachifundo. Ndinacheuka.

Chithunzi chija chinali chitadzaza khoma lonse. Tsabola anali wamtali kuposa ine. Ndipo kadontho kaja sikanalinso kadontho. Inali thanki ya madzi yobiriwira, ya miyendo inayi, makwerero ake atathyoka pakati. Pambali pake chumuni cha bekale yanu, chakuda kumutu. Denga la sukulu la mitundu iwiri. Zonse zimene mumaona mukatuluka pakhomo m'mawa, ine ndinaziika pamaso pa anthu mazana atatu, zazikulu ngati nyumba.

Nditatembenukira kwa anthu, mafoni anali m'mwamba paliponse. Onse ankaloza ine kupatula imodzi. Mzere wachinayi, kumapeto, malaya oyera ositidwa bwino, cholembera m'thumba. Foni ya alamu inaloza pamwamba pa mutu wanga, kukona, ndipo ankakulitsa chithunzi ndi zala ziwiri, mosafulumira, ngati ali pantchito.

Ndinamaliza, musandifunse kuti bwanji. Anthu anaimirira kuwomba m'manja, alamu nawo anaimirira. Ndipo ndiulule ichi, chifukwa ndikabisa ndiye kuti kalata yonseyi ndi yabodza: kuwomba m'manjako kunandikomera. Mtima ukufuna kutulukira pakamwa ndi mantha, koma makutu akumva kukoma. Paja amati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi. Kungoti apa yokondwa inali ine, yogulitsidwa ndinu.

Anthu anapanga mzere wodzandigwira chanza. Alamu anafola ngati wina aliyense, akupatsa njira azimayi achikulire. Ndinkawaona akuyandikira, munthu mmodzimmodzi, ndipo ndinalibe kothawira. Atafika anandigwira dzanja ndi manja awiri.

“Mlamu, mwakula. Maiki ikukukhalani.”

Sanadikire yankho, anapitiriza.

“Kungoti pamodzi mwandilakwira. Ine uphunzitsi sindingauthe, ana a eni amanditopetsa.” Anaseka, kuseka kuja mukukudziwa, kwa mano okhaokha. “Wanga yekha ndiye ndamusowa.”

“Nkhani ija ndi ya mnansi wathu, alamu.”

“Inde, inde, mnansi. Mwana wa mnansiyo akuponda ngati malemu mayi anga, phazi lakumanzere kuloza kunja. Zodabwitsa, eti?” Dzanja langa anali asanalisiye. “Mukudziwa, mlamu, mathanki a miyendo inayi otere anamangidwa asanu ndi awiri okha. Atatu malo ake ndinayeza ndine, ndipo ijayi si imodzi mwa amenewo. Ndiye atsala anayi. Si ambiri.”

Anandisisita paphewa, mayi wa kumbuyo kwawo akumwetulira poona chibale chokoma chotere.

“Mukapereke moni kwa mnansi.”

Anapita kwa amayi, anawerama, anawafunsa za mwendo. Amayi anangowayang'ana mpaka iwo anadzuka okha n'kutuluka.

Ine ndinathamangira kuchimbudzi n'kusanza, diresi lachikasu lija ndikuligwira kuti lisade. Mkulu wa bungwe uja anandipeza pa sinki. Ndinamuuza zonse. Anavula magalasi.

“Mwini nkhaniyi anavomera kuti uinene?”

“Ayi, mayi.”

“Ndinayenera kukufunsa tsiku loyamba lomwe lija,” anatero. “Ndinakondwa nawe kwambiri, ndinaiwala ntchito yanga. Tonse awiri talakwa, koma olira si ife.”

Anaitana bambo wa makina uja, chithunzicho anachichotsa pa vidiyo ya bungwe ine ndikuona. Anandipatsa nambala ya foni, ili pakapepala kamene ndamata kumbuyo kwa tsamba lino. Akuti ali ndi nyumba ya mpanda, ya mlonda, imene amayi amakhalamo ndi ana mpaka zinthu zitakhazikika, komanso loya wamkazi wodziwa milandu yotere. Nditafika kunyumba ndinafufuta bulogu yonse. Kompyuta inandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza. Zaka zitatu zinapita msanga kuposa kuyetsemula. Koma madzi akatayika sawoleka, achemwali. Chithunzi chili m'thumba la malaya oyera aja.

Tsono za amayi. Dzulo sanapite kutchalitchi. Anatsegula shopu, ine ndinawatsatira n'kukhala pa benchi ya makasitomala, makina akulira. Patapita nthawi anaimitsa phazi.

“Dzino lija mkulu wako anandiuza kuti anaterereka pa simenti.”

“Ankaopa kukudandaulitsani.”

“Ndinamubweza kwa mwamuna wake kawiri, iwe. Kawiri. Ulendo wachiwiri ndinamuperekeza ndekha mpaka pakhomo, chikwama ndinanyamula ndine.”

Ndinafuna kuwatonthoza ndi chinthu chokha chimene ndinali nacho. Ndinati, “Amayi, ali bwino, akugwira ntchito, ali ku...”

“Tseka.” Anandiloza ndi sizasi. “Pakamwa pakopo unatengera ine. Usandiuze.”

Mu phukusi limene adalaivala akupatseni muli madiresi awiri, lanu ndi la Tsabola. Ndinawafunsa kuti mwana amene sanamuone zaka ziwiri amuyeza bwanji. Anati, “Ndamuona pakhoma paja. Chikwama chikumufika apa, ndiye kuti iye wafika apa.” Anaika dzanja m'chiuno mwawo, ndipo pamenepo m'pamene analira.

Tsopano zimene zandichititsa kulemba mothamanga. Dzulo madzulo ndinadutsa mumsewu wa kwa alamu, galimoto inali pabwalo. Lero m'mawa kulibe. Ndaimba ku ofesi kwawo ngati munthu wofuna kuyezetsa puloti, mlembi wandiyankha kuti atenga tchuthi cha sabata imodzi, ayamba lero. Mathanki anayi, sabata imodzi. Sindikudziwa ayambira iti. Mwina yanu ikhala yomaliza, mwina ali panjira imodzi ndi lole ino.

Chonde chitani izi. Adalaivala ndawafotokozera, ndipo avomera kuti akatsitsa matumba adikira kuseri kwa bekale mpaka 5 koloko. Katengeni Tsabola nokha, musatume munthu. Avule yunifolomu, avale diresi la agogo ake. Musatsanzike kusukulu, musatsanzike kwa eni nyumba, abwana muwauze kuti kwagwa matenda. Tengani mapepala anu ndi a mwana, zina zisiyeni. Adalaivala akutsitsani pamene munene inu, kaya ku nyumba ya mpanda ija, kaya kwina kumene mukudziwa nokha.

Ndikudziwa chimene ndikukulandani. Munandilembera kuti tsopano akukusiyirani uvuni waukulu nokha, kuti chipinda chanu chili ndi windo loona kum'mawa, kuti Tsabola wapeza mnzake wogawana naye rabala, ndiponso kuti mwayamba kugona osatsamiritsa mpando kuchitseko. Zaka ziwiri mwamanga zimenezo ndi manja opsa ndi mathireyi. Ine ndazigwetsa m'mphindi makumi awiri, nditavala diresi latsopano, anthu akuwomba m'manja. Sindikupempha kuti mundikhululukire lero. Lero mulibe nthawi imeneyo.

Chatsala chimodzi choti ndiulule. Mkulu wa bungwe uja waimbanso m'mawa uno. Akuti ntchito ija ikadalipo, akufuna yankho Lachisanu. Ndikanakonda kukulemberani kuti ndakana. Sindinakane. Ndagwira foni kawiri kuti nditero, kawiri konse ndaibweza m'thumba. Ndikatseka maso ndimaona zala ziwiri zija zikukulitsa thanki, koma ndimaonanso mtsikana wina wa yunifolomu amene anali kumapeto kwa mzere, amene anangondigwira mkono n'kukana kuusiya. Sindikudziwa ngati ndikufuna nsanja chifukwa cha iye kapena chifukwa cha kuwomba m'manja kuja. Chimene ndawauza n'chakuti ndikadzaimanso pamaso pa anthu, khoma la kumbuyo kwanga lidzakhala loyera, ndipo nkhani idzakhala yangayanga, ya mtsikana amene anatenga bala la mkulu wake n'kulivala ngati mkanda. Koma sindiyankha kanthu, Lachisanu lidutse kaya lisadutse, ndisanadziwe kuti mwachoka.

Mundidziwitse chonchi. Mkati mwa kolala ya diresi lanu amayi asokeramo batani lofiira lapadera. Mukamatsika lole, lidulireni n'kuwapatsa adalaivala. Musalembe kanthu, ngakhale liwu limodzi. Abwerera Lachitatu, ndipo ine ndidzakhala pageti la fakitale ya ufa kuyambira m'mawa.

Kumene mupite musandiuze. Adalaivala ndawapempha kuti asandiuzenso. Ndikudzidziwa, pakadutsa miyezi itatu ndiyamba kulira, ndidzafunafuna njira yokulemberani kuti ndasintha, ndakula, ndiuzeni chigawo chokha. Musadzandimvere. Musatumizenso zithunzi.

Amayi akupereka moni. Aima pakhomo la shopu phukusi lili m'manja, akundikalipira kuti ndikuchedwetsa lole, ine Naphuma, lero ndikuchedwa. Akuti diresi la mwana asiya mpendero waukulu, muzimasula akamakula, lifika zaka zitatu. Akutinso mukadzamva kuti mwendo wawo watupa musadzabwere, ndi mwendo chabe.

Tsabola mumupsompsone pachipumi. Akafunsa chifukwa chake akusiya mnzake wa rabala, musamunamize kuti ndi inu. Mumuuze kuti mayi ake aang'ono anamuona tsiku lina ali wamtali ngati nyumba, akupita kusukulu osacheuka, ndipo anali wokongola kwambiri moti analephera kumusunga okha.

Muyende bwino, achemwali anga. Ndidikira batani.

Ndine mng'ono wanu,
Naphuma